Ululu wa kucipinda tisaubise

Azimai ambiri m'mipingo yathu amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi amuna awo, koma amangopirira poopa kutha kwa ukwati. Ise tikuti kupirira kotere n'koopsa: mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ululuwu umabwera ndi matenda opatsirana pogonana, bala la pobereka, kuuma mai akasiya kusamba, ngakhalenso mankhwala oumitsa amene alangizi ena amalimbikitsa. Magazi akamatuluka, ingakhale khansa ya khomo la ciberekero, imene Zambia inayamba kupima ndi viniga mu 2006. Ikapezeka msanga imacizika.

Kitwe Teaching Hospital ku Parklands si kutali. Azibambo, perekezani akazi anu. Alangizi, lekani kuphunzitsa kubisa matenda.