Njere za Chisoso

Mwana aliyense wa ku Chinsapo achidziwa chisoso chikakhala m'mbale. Amayi athyola masamba ake anthete, nawaphika ndi matimati kapena kuwatendera ndi nsinjiro, ndipo ena awafutsa kuti adzadye m'chilimwe. Koma ana ambiri sadziwa kuti tizitsotso takuda timene timawakanirira pa malaya, podutsa m'tinjira ta m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndito njere za chomera chomwecho. Kusadziwa kumeneku kumaononga minda.

Njere ya chisoso sivuta kuizindikira. Ili yakuda, yowonda ngati singano yothyoka, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi sentimita 1. Thupi lake lili ndi timizere toyenda m'litali. Kumutu kwake kuli timinga tiwiri, kapena titatu, kapena tinayi. Mwana akasisita kamunga kamodzi ndi chala adzamva kukanda, pakuti pa kamunga kalikonse pali tingowe tating'onoting'ono toloza m'mbuyo. Ndi tingowe timeneti njere ikola nsalu, ubweya wa mbuzi ndi mchira wa galu. Anthu ophunzira za zomera achitcha Bidens pilosa. Dzinali analemba ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753, ndipo bidens m'Chilatini ndiko kunena kuti mano awiri. Munthuyo anayang'ana njere, osati masamba.

Kwawo kwenikweni kwa chisoso ndi ku America. Chilibe miyendo, koma chafika m'maiko onse ofunda, pokwera pa anthu, pa ziweto ndi pa katundu.

Tsono alipo ena amene anena kuti chisoso ndi ndiwo, chilekedwe chimere paliponse. Mawuwa ali ndi choonadi, koma ndi chapakati. Tsinde limodzi libala njere zikwizikwi, ndipo zikamera m'mizere ya chimanga zidya feteleza amene bambo anagula ndi ndalama zovuta kupeza. Ndiwo yake ili m'masamba anthete okha. Duwa likaoneka, lija lachikasu pakati ndi loyera m'mbali, masamba ayamba kukhwima ndi kuwawa. Chotero nthawi yothyola ndiwo ndi nthawi yopalira ili imodzi, ndiyo isanafike nyengo ya duwa. Wopalira mochedwa, njere zitada kale, angozigwedezera pansi ndi khasu lake. Ayesa kuti apalira, koma alikufesa.

Taonaninso mwana amene afika kwawo, nakhala pa mphepete pa dimba la amake, nayamba kutola njere pa kabudula wake ndi kuzitaya pomwepo. Iyeyu wazinyamula ulendo wonse kuchokera kusukulu, ndipo wazitula pa nthaka yonyowa, imene zinali kuifuna. Chisoso sichikanapeza wantchito woposa iye, ndipo sichimlipira kanthu! Malo a njere zotere ndi pa mbaula.

Nkoyenera kuti sukulu ziphunzitse njere za zomera zosafunika m'munda monga ziphunzitsira chimanga ndi mtedza. Sipafunika ndalama. Mvula ikamatha, mwana aliyense abwere ndi njere 10 zochotsa pa zovala zake, aziyale pa pepala loyera, awerenge mano a iliyonse, ndi kupatula zimene sizili za chisoso. Akatha, zonse zipite pamoto.