Ziphuphu zafikitsa banja kwa ankhoswe

Zikomo Anesi,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Timakhala pa Mwanza boma. Bambo a kunyumba amathandiza madalaivala a mathiraki kulongosola mapepala a katundu pachipata, ine ndimagulitsa manachesi nyengo yake ikakwana.

Chibadwire sindidavutikepo ndi ziphuphu, ngakhale pa utsikana wanga. Koma mu Meyi, patangotha miyezi itatu chiikitsireni njira yolera ya pamkono, ndidayamba kutuluka tiziphuphu pachibwano ndi m'nsagwada. Alamu anga adandibweretsera kachubu ka mafuta ena ake kuchokera kutsidya ku Zobue, nati ndizisakaniza ndi mafuta anga odzola. Sabata ziwiri zoyamba nkhope idasalala n'kuyerako, moti anzanga kumsika ankachita kundifunsa chinsinsi. Pano patha miyezi inayi, nkhope yonse yadzaza tiziphuphu ting'onoting'ono tofanana, m'masaya mukuotcha ngati ndapakamo tsabola, khungu lauma ndipo likusupuka. Ndikasiya kudzola masiku awiri okha zimachita kunyanya, ndiye ndimabwererakonso. Ndayesa sopo wochapira, mandimu ndi Colgate koma ayi ndithu.

Apongozi anga akuti magazi anga aipa chifukwa cha zolera. Bambo akuti ndikachotsetse za pamkonozi, ndipo tsiku lina atalawako adandifunsa ngati sindikuyenda ndi madalaivala, poti nkhope yotere ndi ya matenda. Nkhani yafika kwa ankhoswe. Mwana wanga wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi itatu, akadayamwa, ndipo sindikufuna mimba ina pakadalipano. Ndichitenji?

Ine wothedwa nzeru,
Mwanza

Mwana wanga,

Pepa ndi zimene zakuonekerazi. Nkhope ilibe chitenje choti n'kuifunditsa, aliyense amayamba waiona asadakupatse moni, choncho ndikumvetsa kuti mtima ukukuwawa. Koma nkhani ngati yakoyi ndidakumana nazo zambirimbiri ndili pantchito, ndipo wolakwa wamkulu ndamuona kale. Ndi kachubu ka alamu akoko.

Katenge, ukhale powala, uwerenge timalemba ting'onoting'ono ta m'mbalimo. Ukapeza mawu oti clobetasol kapena betamethasone, dziwa kuti miyezi inayi yonseyi wakhala ukudzola mankhwala a m'gulu la steroid. Machubu odziwika bwino m'misika monga Movate ndi Diproson ali m'gulu limeneli, ndipo ena salemba n'komwe chimene aikamo. Amenewa si mafuta okongoletsa ayi. Ndi mankhwala enieni a kuchipatala, amene timapereka kwa munthu wa nthenda yoyabwa ya pakhungu kuti adzole masiku owerengeka basi. Clobetasol ndiye ali m'gulu la amphamvu kwambiri, moti pankhope sitimulola wamba.

Amanyenga motere. Akangofika pakhungu amaziziritsa kutupa ndi kufiira konse, n'kufinyitsa timitsempha ta magazi, ndiye munthu amaoneka wosalala ndi woyerako. Sabata ziwiri zija anzako ankakusirirazi, n'zimene zinkachitika. Koma akamapitirira, khungu limapyapyala ngati pepala, limalephera kusunga madzi, ndipo limayamba kutulutsa tiziphuphu tofanana msinkhu ngati mapira. Ena timitsempha timaonekera m'masaya, ena amamera cheya chambiri, ena zipere zimene zidali zazing'ono zimafalikira thupi lonse. Choipitsitsa n'chakuti khungu limazolowera. Ukasiya limakwiya, ukadzola limatonthola, ndiye iwe n'kumaganiza kuti mafutawo ndiwo akukuthandiza, chonsecho ndiwo ayatsa motowo.

Mafuta ena oyeretsa amakhala ndi hydroquinone. Madokotala a ku South Africa adalemba kale mu 1975 za amayi amene m'masaya mwawo mudada bii ngati mwapsa atadzola mankhwalawa zaka zambiri, ndipo dzikolo lidawaletsa mu zodzoladzola mu 1990. Kuda kumeneko n'kovuta kuchotsa. Ena amakhala ndi mercury, amene amalowa m'thupi n'kukaononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Iwe uli ndi mwana woyamwa, amene tsiku lonse akukugwira kumaso n'kuika zala mkamwa. Chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kuti kachubuko kachoke m'nyumba.

Tsono usangokataya m'chimbudzi. Kanyamule, upite nako kuchipatala cha boma cha Mwanza ukaonetse adokotala, ndipo ukanene zoona zokhazokha: udayamba liti, umadzola kangati patsiku, umasakaniza ndi chiyani. Amayi ambiri amabisa, amvekere “ndimangodzola Vaseline,” pamene nkhope ikuchita kuwatsutsa. Kubisa kumangochedwetsa chithandizo. Adokotala akhoza kukuuza kuti usiyiretu, kapena kukupatsa mankhwala ofatsa monga hydrocortisone kwa kanthawi kochepa kuti khungu litsike pang'onopang'ono. Nthawi zina amaperekanso mapiritsi a doxycycline, ndiye usaiwale kunena kuti ukuyamwitsa. Woyembekezera sayenera kumwa amenewa. Zikakanika pa Mwanza, adzakulembera kalata yopita kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre kumene kuli a zakhungu.

Ndikuuziretu kuti usadzanditukwane: zidzayamba zaipa zisadakhale bwino. Nkhope idzafiira, idzaotcha, idzasupuka kwa sabata zingapo, ena mpaka miyezi. Apa ndi pamene ambiri amagonja n'kubwerera kubenchi kwa wogulitsa. Iwe limba. Kukaotcha, viika kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko, uike pankhope kwa mphindi zingapo. Dzuwa la mu Okutobala uno ulithawe, vala chipewa kapena tenga ambulera popita kumsika.

Tibwere ku nkhani ya kuuma. Anthu ambiri timaganiza kuti ziphuphu ndi litsiro, ndiye timalimbana nazo ngati tikutsuka mphika wa nyemba zopserera. Sopo wochapira adamupangira kuchotsa mafuta pa zovala, ndipo pankhope amachotsa ngakhale mafuta achibadwa amene amatchinjiriza khungu. Mandimu amawaula, ndipo ukapita nawo padzuwa amasiya mawanga akuda. Colgate ndi wa mano. Chinkhupule ndi mwala zisiyire zidendene. Onjezapo mphepo ya mu Juni ndi Julayi imene imatituwitsa tonse, kenako fumbi la mathiraki pa msewu wa M6, uona kuti khungu lako silidapumeko. Khungu likhoza kukhala louma ndi la ziphuphu nthawi imodzi, ndipo ukamaliumitsa dala ziphuphu sizitha, zimangopsa mtima.

Chita izi. Samba kumaso kawiri kokha patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono, pogwiritsa ntchito manja ako. Sopo akhale wofatsa, wopanda fungo lamphamvu, ngati wa ana akhanda. Khungu likamaluma ngakhale ndi ameneyo, sambira aqueous cream n'kutsukuluza bwino. Popukuta usakhule, ingogunditsa thaulo. Dzola nkhope ikadali yachinyezi, mafuta opepuka opanda perefyumu. Vaseline paka pang'ono pokhapokha pamene pasweka, monga m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, osati kuchita kumata nkhope yonse ngati chitumbuwa chochokera m'mafuta. Ngati uli ndi glycerine, musungunule ndi madzi m'manja, usadzole yekha. Mafuta a m'mutu asatsikire pachipumi, ndipo duku ndi nsalu ya pilo uzichapa sabata iliyonse.

Kufinya leka. Ife akhungu lakuda chiphuphu chimatha pa sabata imodzi, koma banga limene chimasiya ukachifinya limakhala miyezi. Mawanga amenewa ndiwo amathamangitsira atsikana ku mafuta oyeretsa, nkhani n'kuyambiranso.

Khungu likadzachira, tiziphuphu tija ta pachibwano tikadzatsalira, ku famase kuli benzoyl peroxide wa 2.5 kapena 5 peresenti. Umayamba pang'ono, usiku umodzi kudzola, wina kupumira, chifukwa nayenso amaumitsa. Amasuwitsa mtundu wa zovala, ndiye chitenje chako cha ku chigwirizano chikhale patali. Zotsatira zake zimaoneka pakatha sabata 6 mpaka 8. Koma usamuyambe pano khungu lili laliwisi chonchi.

Za apongozi ako. Sindiwanyoza, chifukwa pang'ono akhudza choona. Timitengo ta pamkono, kaya ndi Jadelle wa zaka 5 kapena Implanon wa zaka 3, ngakhalenso jakisoni wa Depo, zimatha kubweretsa ziphuphu kwa amayi ena, makamaka pachibwano ndi m'nsagwada monga zidayambira zakozi. Zimatero chifukwa mahomoni ake amachititsa khungu kutulutsa mafuta ochuluka. Kumeneko si kuipa kwa magazi, ndipo kulibe poizoni amene akuunjikana m'thupi mwako. Ziphuphu zoterezi zimabweranso kwa amayi osalera n'komwe, ena akatsala pang'ono kupita kumwezi, ena ali oyembekezera, ena nkhawa ikawachulukira.

Langizo langa n'lakuti usathamangire kuchotsetsa. Tiziphuphu toyamba tija tidali tochepa, chaononga nkhope ndi kachubu. Yamba wathana ndi kachubuko, udikire miyezi itatu, uone chatsala. Zikadzakhala kuti zikukusowetsabe mtendere, pita kwa anamwino a zakulera mukakambirane zosintha. Ilipo lupu ya kopa imene ilibe mahomoni. Alipo mapiritsi olera a mphamvu ziwiri amene kwa ambiri amachepetsa ziphuphu, ngakhale sayenera munthu wa BP kapena wodwala mutu waching'alang'ala, ndipo amafuna munthu wosaiwala. Chachikulu n'chakuti tsiku lochotsa njira ina likhale tsiku loyamba inzake. Za pamkonozi zikangochoka, mimba ikhoza kubwera mwezi womwewo, pamene a zaumoyo amalangiza kudikira zaka ziwiri chibadwire mwana usadatenge pathupi pena. Thupi lonyamula mimbayo ndi lako, ndipo ankhoswe akamve zimenezi kuchokera pakamwa pako.

Tsopano ndilankhule nanu bambo, poti ndikudziwa kuti nyuzipepalayi ifika m'manja mwanu. Mawu amene mudalankhula mutalawa aja ndi olemera, ndipo mukawapepese muli bwinobwino. HIV siwerengedwa pankhope. Ndaona anthu osalala ngati galasi ali ndi kachilombo, ndaonanso a ziphuphu thoo alibe. N'zoona kuti mavuto ena a pakhungu amatipangitsa kulangiza munthu kuti akayezetse, monga mashingozi kapena nsungu zoyabwa kwambiri m'mikono ndi m'miyendo, koma zimene wafotokoza mkazi wanuzi zikuloza kwina. Ngati mtima wanu uli ndi chikaiko, tenganani nonse awiri mukayezetse limodzi. N'zaulere m'zipatala za boma, zotsatira mumamva tsiku lomwelo, ndipo mkono woyamba kutambasula ukhale wanu. Ndikufunseninso: sabata ziwiri zija mayi adayera, mudafunsako kuti akudzola chiyani, kapena mudangomwetulira? Abambo ambiri ndinu amene mumagulitsa malonda a mafutawa ndi pakamwa panu, poyamikira “akhungu loyera” akazi anu akumva. M'miyezi ikubwerayi nkhope yawo iyamba yanyanya. Musawaseke, musawasiye kumbuyo popita kutchalitchi.

Makolo, mawu awiri. Machubu amenewa musapake ana, kaya ndi pa zotupa za thewera kaya pa zipere, chifukwa khungu la mwana limamwa mankhwala msanga kuposa la wamkulu. Ndipo si kuuma kulikonse kumene kumafuna mafuta. Mukaona khungu lada ndi kukakala mozungulira khosi ngati mkanda, ndi kuseri kwa manja kumene kumaomba dzuwa, munthuyo n'kumatsegulanso m'mimba, ikhoza kukhala pelagra, nthenda yobwera posowa niacin m'thupi mwa anthu odalira nsima yopanda ndiwo zokwanira. Mu 1990 idagwira anthu oposa 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique amene ankakhala m'chigawo cha kummwera, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Imapezekanso kwa ena amene akumwa isoniazid wa TB. Imachizika bwinobwino kuchipatala, ndipo mtedza, nyemba, usipa ndi mazira zimaiteteza.

Iwe mwana wanga, ku bwalo la ankhoswe upite ndi zinthu ziwiri, kachubu ndi buku lako la kuchipatala, adokotala atalembamo kale. Alamu akowo usakangane nawo, adachita mosadziwa. Ingowayang'ana bwino m'masaya ndi m'zala, uwafunse ngati nawonso akudzola. Ngati akutero, Lolemba mupitire limodzi kuchipatala. Undilembere ikatha miyezi iwiri.

Ndine Anesi