Kuwerenga ndi Zala

Sukulu ya ana osaona ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayambidwa m'caka ca 1905 ndi Mai Issie Hofmeyr a mishoni ya Dutch Reformed. Ulemu upite kwa eni ake. Ndiye kuti kuno kum'mawa ana akhala akuwerenga ndi zala kwa zaka zoposa 100. Nanga bwanji m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi tikupezabe mwana wosaona atasiyidwa pakhonde kulonda mphale, anzake ali ku sukulu?

Ambiri a ife timaganiza kuti zipangizo zothandiza ana otere ndi za anthu olemera okha. Iai. Malembedwe amene Louis Braille wa ku France anakonza amagwiritsa nchito timadontho 6 totumphuka, ndipo polemba pamafunika kathabwa ka timabowo, kacitsulo kosongoka ndi pepala lolimba basi. Mwana amaboola pepala kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, kuti akalitembenuza, zala ziwerenge monga tiwerengera tonsefe. Sipafunika magetsi kapena mabatire. Makina a Perkins amalemba msanga, koma ndi okwera mtengo, ndipo akafa, mmisiri wake sapezeka pamudzi.

Masiku ano kuli mafoni olankhula. TalkBack imawerenga mokweza zolembedwa pa foni, ndipo NVDA imacita cimodzimodzi pa kompyuta, kwaulere. Nzabwino ndithu, koma tisatengeke nazo. Mau ake amayenda bwino m'Cingerezi. Cinyanja amacipotoza ngati mlendo wofika dzulo. Tikumbukirenso mdima wa 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba. Ndipo mwana womvetsera cabe, osakhudza cilembo, adzadziwa bwanji kalembedwe ka mau?

Vuto lina ndi mphatso zopanda wozitsatira. Njinga ya olumala yopangidwira pa simenti ya m'cipatala siikhalitsa pa miyala ya ku Vubwi, ndipo mwana akakula imamuthina. Kacipangizo kothandiza kumva kakatha batire, kamatsirizira m'cikwama ca amai.

Lamulo la anthu olumala la 2012 likuti mwana asakanidwe sukulu cifukwa ca kulumala, ndipo kuyambira 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere. Koma lamulo silidziwa khomo la munthu. Odziwa makomo ndife a m'miphakati, amene timalemba maina a aliyense ikafika nthawi ya mtulo. Kope lomwelo lingalembenso ana amene sapita ku sukulu cifukwa ca maso, makutu kapena miyendo, mainawo n'kuwapereka ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lathu. Tisanatero, tiperekeze makolo ku cipatala, monga ca St Francis ku Katete, akawapime anawo. Ena amene timawayesa osaona angofuna mandala ndi mpando wa kutsogolo, pafupi ndi bolodi.