Mtsinje ndi chigayo ku Chipata

Chigayo choyendera madzi, chimene ndi gudumu lalikulu lozunguzidwa ndi mtsinje kuti nalonso lizunguze mwala woperera, chinafotokozedwa kale ndi Vitruvius, mmisiri wa ku Roma, Khristu asanabadwe, ndipo kaundula wa malo wa ku England wa mu 1086, wotchedwa Domesday Book, anawerenga zigayo zoposa 5,000. M'zigwa zozungulira Chipata luso limeneli silinazike mizu, ngakhale pamene atsamunda anakhazikitsa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, mu 1899.

Chifukwa choyamba ndi mitsinje yeniyeniyo. Lutembwe ndi inzake imasefukira m'dzinja, koma imaphwa kapena kutsala maiwe okhaokha m'chilimwe, nthawi imene chimanga chauma ndipo nkhokwe zadzaza. Gudumu likanaima pa miyezi imene likufunika kwambiri. Chifukwa china, chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndi kakonzedwe ka ufa woyera. Tirigu amangoperedwa ali wouma, pamene chimanga chimayamba chakonoledwa mu mtondo mochiwaza madzi pang'ono kuti gaga achoke, kenaka chimapetedwa pa lichero, mphale yotsalayo n'kuviikidwa masiku angapo mpaka itawawasa, kutsukidwa, kuyanikidwa pa mphasa, ndipo pomaliza kusinjidwa ndi kusefedwa. Mwala wozungulira ukanangopereka mgaiwa, ufa wa chimanga chosakonola, umene mabanja ambiri ankauona ngati wa nthawi ya njala, ngakhale kuti akatswiri a zakudya amauyamikira. Motero ntchito inakhalabe pa munsi ndi pa mphero, m'manja mwa amayi, kufikira kudza kwa chigayo cha dizilo, chimene chimaswa njere ndi tizitsulo tozungulira mwaliwiro m'kati mwa sefa.

Komabe madzi analowa m'nkhaniyi podzera njira yaitali. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku Kariba, damu lomalizidwa mu 1959, ndi ku Kafue Gorge, kotero kuti chigayo chamagetsi cha ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, chimayendetsedwa ndi mtsinje umene uli kutali makilomita mazanamazana. Izi zinaonekera poyera mu 2024, pamene chilala chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza kuti dziko lagwa m'ngozi: madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka, ndipo anthu ankadikira ndi matumba awo pachigayo, ena n'kubwerera ku zigayo za dizilo zolipitsa mokwera. Zigayo zoyendera dzuwa, zimene boma la Edgar Lungu linayamba kugawira makopaletivi mu 2015, zinali ndi malire akeake, pakuti zimagaya pang'onopang'ono ndipo zimafooka kukachita mitambo.