Ba tichala a tyushoni, lekani kubisala kumbuyo kwa batani la log

Yendani mu Chawama, mu Kanyama kapena mu Mtendere, mudzaona makoma olembedwa ndi penti: tyushoni ya Giredi 12 ndi GCE. Makolo amalipira mwezi uliwonse, ena ndi ndalama ya pa kantemba, ena ndi ya chilimba. Sindikudana ndi tyushoni ayi. Kuyambira 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi anadzaza, ndipo mwana wa kumbuyo kwa kalasi amafunadi wina womufotokozera kachiwiri. Chimene chimandinyansa ndi kaphunzitsidwe kamodzi kamene kafala m'makomboni mwathu. Mwana akapatsidwa funso ngati 2ˣ = 32, amamuuza kuti: tenga kakyuleta, dinda log 32, gawa ndi log 2, lemba chimene chatuluka. Uku ndi kuba ndalama za makolo dzuwa likuswa mtengo.

Ba tichala, mumadziwa bwino kuti masamu a ECZ ali ndi mapepala awiri, ndipo Pepa 1 salola kakyuleta. Mumadziwanso kuti mafunso otere amachokera ku mutu wa ma indices wa mu Giredi 10, pamene ma log ali mu Additional Mathematics, imene ana ambiri sailemba n'komwe. Nanga mwana amene nzeru zake zonse zili mu batani adzachita chiyani tsiku la mayeso, kakyuleta yatsala mu chikwama panja? Pa pulogalamu ya achinyamata imene ndimathandizira pa wailesi, ana otere amaimba foni, mawu ali okhumudwa, amati funso linali lachilendo. Silinali lachilendo. Anabisidwa njira yake.

Njirayo ndi yaifupi, ndiilemba pano kuti ngakhale kholo limene linalekera sukulu pa Giredi 9 liione. Mu 2ˣ = 32 muli nambala ya pansi, 2, ndi kanambala ka pamwamba kamene sitikukadziwa. Funso likungoti: 2 tichulukitse kangati kuti tifike pa 32? Werengani ndi zala: 2, 4, 8, 16, 32. Zala zisanu. Ndiye 32 ndi 2⁵, ndipo ngati 2ˣ = 2⁵, x ndi 5. Mbali zonse ziwiri zikakhala ndi nambala ya pansi yofanana, tinambala ta pamwamba tiyenera kufanana. Lamulo lake ndi lomweli chabe.

Manje onani limene limagwetsa ambiri: 9ˣ = 27. Mwana amayesa 9, kenako 81, waona kuti wadumpha 27, amataya bolopeni. Koma 9 ndi 27 ndi ana a mayi mmodzi. 9 ndi 3², 27 ndi 3³. Tikalemba zonse ndi 3 tipeza 3²ˣ = 3³, kutanthauza kuti 2x = 3, ndipo x ndi 1½. Chimodzimodzi 4ˣ = 1/8: 4 ndi 2², pamene 1/8 ndi 2⁻³, ndiye 2x = −3, x = −1½. Ndipo 5ˣ = 1 yankho lake ndi 0, chifukwa nambala iliyonse kupatula ziro ikakhala ndi 0 pamwamba imasanduka 1. Chofunika kuloweza ndi chochepa kwambiri: mzere wa 2 kufika 128, wa 3 kufika 243, wa 5 kufika 625. Ana amene amasunga m'mutu manambala a foni khumi ndi ma PIN a mobile money a banja lonse sangalephere izi.

Ena mudzati: yankho ndi yankho, kaya lachokera ku batani kaya ku mutu, vuto lili pati? Vuto ndi lakuti batani limapereka nambala koma siliphunzitsa mwana kumva mmene chinthu chochulukana chimakulira. Ndipo m'komboni chinthu chimenecho tili nacho pa khomo, dzina lake ndi kaloba. Abale athu a ku Malawi amati katapila.

Tinene kuti amayi ena a pa msika atenga K160 ya kaloba kuti aonjezere tomato, pangano lake ndi lija timalidziwa, pa K100 iliyonse ubweza K150 mwezi ukatha. Bizinesi yavuta, alephera kubweza, ndipo mwini ndalama akuwerengera chiwongoladzanja pa nkhongole yonse. Mwezi uliwonse nkhongole ikuchulukitsidwa ndi 3/2. Idzafika liti pa K810? Gawani 810 ndi 160, mupeza 81/16. Mwana wodziwa mizere yake aona msanga kuti 81 ndi 3⁴ ndipo 16 ndi 2⁴, ndiye (3/2)ˣ = (3/2)⁴. Miyezi inayi chabe. Yesani nokha: 240, 360, 540, 810. Amayi aja mumtima amawerengera K80 pa mwezi, amaganiza kuti pa miyezi inayi adzakhala ndi nkhongole ya K480. Kusiyana kwa K480 ndi K810 ndi kumene kumachotsa firiji ndi TV m'nyumba. Zikapitirira chaka chathunthu, K100 imasanduka pafupifupi K13,000. Lamulo la dziko lino la obwereketsa ndalama, Money Lenders Act, limaona chiwongoladzanja chopitirira 48 peresenti pa chaka ngati chankhanza. Pa chaka, osati pa mwezi. Mwana wa Giredi 10 wophunzitsidwa bwino angakhale pa mpando ndi amayi ake, n'kuwaonetsa zimenezi pa kapepala ka shuga, asanasaine kalikonse. Wa batani sangathe, chifukwa sazindikira n'komwe kuti funso la m'buku ndi nkhongole ya amake ndi chinthu chimodzi.

Mudzatinso: nanga manambala akakana kugwirizana? Zoona, 2ˣ = 10 simungaikonze ndi nambala ya pansi yofanana, ndipo pamenepo log ili ndi ntchito yake. John Napier wa ku Scotland anaifalitsa mu 1614 kuti apeputse kuchulukitsa manambala akuluakulu, ndipo akatswiri a nyenyezi ndi oyendetsa zombo anamuthokoza. Sindikunyoza chida chimenechi. Koma ngakhale pamenepa, mwana wodziwa mzere wa 2 anena nthawi yomweyo kuti x ili pakati pa 3 ndi 4, chifukwa 10 ili pakati pa 8 ndi 16. Akadinda molakwika kakyuleta n'kumupatsa 33, adzaseka n'kuyambiranso. Mnzake uja adzalemba 33 ndi kujambula mizere iwiri pansi pake. Ndipo pa nkhani ya amayi aja, mukafunsa kuti nkhongole idzadutsa liti K1,000, simufuna madesimo: mwezi wachinayi ili pa 810, wachisanu pa 1,215. Yankho ndi mwezi wachisanu.

Ndiye n'chifukwa chiyani batani likupambana? Chifukwa ndi lofulumira kuphunzitsa. Mu kachipinda kamodzi muli ana makumi atatu, ola likatha gulu lina likudikira pa khomo. Kuonetsa batani kumatenga mphindi ziwiri ndipo mwana amatuluka akumwetulira, akuganiza kuti wamvetsa. Kumuzoloweretsa kuona 3 mkati mwa 81 kumafuna masiku angapo ndi choko. Koma mwana ameneyu akufuna credit ya masamu kuti alowe ku koleji ya unesi kapena ya uphunzitsi. Akaiphonya, ndi chaka china cha GCE, ndalama ina ya mayeso, ndi tyushoni inanso kwa inu nomwe. Sindikunena kuti mumachitira dala, koma onani amene akupindula ndi amene akulipira.

Makolo, simufunika satifiketi kuti muyese zimene mukugula. Madzulo ano, nsima isanapse, landani foni ndi kakyuleta, mulembe pa pepala 8ˣ = 16, mumupatse mwana. Akalemba 2³ˣ = 2⁴ n'kupeza 4/3, ndalama yanu ikugwira ntchito. Akayamba kufunafuna kakyuleta, mawa mupite naye limodzi ku tyushoni, pepala lomwelo lili m'manja, mukawapemphe ba tichala kuti alikonze pa bolodi inu mukuona.