Za Carl Beech ndi ndalama za chipukuta misozi

Sabata ino ndikutengerani ku Mangalande. Kumeneko kudachitika zoti ukamamva umagwira pakamwa.

Mu 2012, patangotha chaka chimwalirire Jimmy Savile, mkulu uja adatchuka pa kanema wa BBC, zidaululika kuti kwa zaka zambirimbiri bamboyu ankagwirira ana, ena ali chigonere m'chipatala. Anthu pafupifupi 450 adabwera poyera kudzadandaula. Ena mwa iwo adayesapo kale kuulula koma palibe adawamvera, poti Savile adali munthu wamkulu. Apolisi zidawachititsa manyazi, ndipo adagwirizana kuti kuyambira pamenepo wodandaula aliyense azimukhulupirira.

Apa mpamene adatulukira Carl Beech, yemwe nyuzipepala zinkangomutcha "Nick". Iyeyu adati ali mwana ankazunzidwa ndi kagulu ka mabwana: nduna yaikulu yakale Edward Heath, nduna yakale Leon Brittan, mkulu wakale wa asilikali Lord Bramall, phungu wakale Harvey Proctor ndi ena. Adatinso anyamata atatu adaphedwa iye akuona. Mu Disembala 2014, kufufuza kusanapite patali n'komwe, wapolisi wina wamkulu adauza atolankhani kuti zonena za Nick nzoona. Eti nzoona! Mtembo palibe, mboni palibe, koma chigamulo chaperekedwa kale.

Mu Malichi 2015 apolisi adakachita chipikisheni kunyumba kwa Bramall, gogo wa zaka 91 yemwe adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mkazi wake, yemwe ankadwala matenda oiwalaiwala, adamwalira chaka chomwecho dzina la mwamuna wake lisadayere. Proctor adataya ntchito ndi nyumba. Brittan adali atamwalira kale mu Januwale, koma apolisi adakasanthulabe nyumba zake mayi wamasiye akadali kulira. Kafukufukuyu, wotchedwa Operation Midland, adatsekedwa mu 2016 popanda womangidwa ndi mmodzi yemwe, atadya mapaundi opitirira 2 miliyoni.

Mu Julayi 2019 khoti la ku Newcastle lidalamula Beech kukhala kundende zaka 18 chifukwa chonamizira anthu ndi kuba mwachinyengo. Zidapezeka kuti adalandira mapaundi 22,000 ku thumba la boma lopepesera ochitiridwa nkhanza ponama kuti naye adagwiriridwa ndi Savile, nkukakokera galimoto la Ford Mustang. Choipitsitsa, mwini wakeyo ankasunga zithunzi zolaula za ana.

Tsono pamenepa mpomwe pagona mkangano. Ena amati mwaonatu, onse obwera patapita zaka 30 akungofuna ndalama, thumbali litsekedwe basi. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, amatero.

Inetu ndikukana. Mwana wogwiriridwa ndi mphunzitsi, m'busa kaya malume ake sathamangira kupolisi mawa lake. Amaopa, amachita manyazi, ndipo kawirikawiri pakamwa pamatseguka wolakwayo atakalamba kapena atafa. Ukamuuza kuti wachedwa, ndiye kuti wampatsa mphotho uja adamuopseza kuti akhale chete. Kodi anthu 450 a Savile aja onse ankafuna Mustang?

Beech adanama, inde, koma amene adalephera ntchito ndi apolisi. Jaji wopuma Sir Richard Henriques adapeza zolakwika 43 pa m'mene adayendetsera nkhaniyi. Beech ankati mnzake wakusukulu adagundidwa dala ndi galimoto mu 1979. Ngozi yopha mwana siisowa m'mabuku, abale, ndipo atafufuza sidapezeke. Kumvetsera wodandaula mwaulemu ndi kwina, kulengeza kuti wanena zoona usadafunse mbali inayo ndi kwinanso. Kale apolisi sankakhulupirira aliyense, kenaka adayamba kukhulupirira aliyense. Konseku ndi ulesi womwewo, kuthawa kufufuza.

China chondidabwitsa ndi ichi. Apolisi a ku London adapepesa Bramall ndi mapaundi 100,000, ndipo mu 2019 adavomera kupatsa Proctor mapaundi 500,000. Adayenera kulandira, ndipo sindidamvepo wina akuti mabwanawa ndi adyera. Nanga bwanji mayi amene Savile adamuononga ali kamtsikana pabedi la chipatala, akapempha yake timayamba kumuyang'ana m'thumba?

Lord Bramall adamwalira mu Novembala 2019, pasanathe miyezi inayi Beech atagamulidwa.