Ndi Asilikali Angati Anavulala M'maganizo?

M'chaka cha 1983, Nyumba ya Malamulo ya ku America inalamula kuti pachitike kafukufuku wofuna kudziwa kuchuluka kwa asilikali omwe anabwera ku nkhondo ya ku Vietnam ali ndi PTSD, matenda a maganizo amene amagwira munthu akaona zoopsa. Chiyembekezo chinali chakuti chiwerengero chikadziwika, chithandizo chidzafika kwa onse ochisowa.

Mu 1988 panatuluka mayankho awiri otalikirana. Kafukufuku amene analamulidwayo, wotchedwa NVVRS, anapeza kuti mwa amuna 100 alionse omwe anakamenya nkhondoyo, 15.2 anali akudwalabe, pomwe bungwe la zaumoyo la CDC linapeza 2.2 okha. Nkhondo inali imodzi, koma kawerengedwe kanasiyana. Ofunsa mafunso a CDC sanali akatswiri a matenda a maganizo. A NVVRS anatenga gulu laling'ono mwa oyankhawo n'kulipimitsa kwa akatswiri, kenako zotsatirazo n'kuwongolera nazo chiwerengero cha onse. Mu 2006, Bruce Dohrenwend ndi anzake anaunikanso zomwe a NVVRS anapeza pamodzi ndi zolembedwa za usilikali, n'kuwerenga okhawo amene matenda awo anayambira kunkhondo ndipo ankawalepheretsa kuchita zinthu bwinobwino. Iwo anapeza 9.1.

Lero tikudziwa bwino gwero la kusiyana kotere. Pepala la mafunso limangosefa, silipima matenda. Malire a mapointsi owerengera munthu ngati wodwala akatsitsidwa, athanzi ambiri amawerengedwa ngati odwala, ndipo vutoli limakula pamene odwala enieni ali ochepa. Ena sayankha n'komwe, ena amabisa poopa manyazi kapena kutaya mwayi wokwezedwa pa ntchito. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti asilikali obwera kuchokera ku Iraq akamayankha osatchula maina, oulula mavuto a maganizo ankachuluka kuwirikiza kawiri mpaka kanayi.

Ofufuza akale sitingawadzudzule kwambiri, pakuti PTSD inali itangolowa kumene m'buku la madokotala mu 1980. Koma sitinganenenso kuti chiyembekezo chija chinakwaniritsidwa chonse, chifukwa kuwerenga odwala si kuwachiritsa.

Maiko omwe asilikali awo akhala akusungitsa mtendere ku DRC, monga Malawi, ali ndi mwayi woyambira pomwe ena anafika. Aliyense wotipatsa chiwerengero azitiuzanso kuti anafunsa ndani, anasunga bwanji chinsinsi, anaika malire pati, ndiponso ndi angati anapimidwa ndi katswiri. Chiwerengero chikachepa, odwala amasiyidwa opanda chithandizo. Chikakokomezedwa, anthu amasiya kuchikhulupirira. Paliponsepo, wovutika ndi msilikali ndi banja lake.